Kope la Zokhumba: Kutchena Tsiku ndi Tsiku Popanda Kulowa M'ngongole

Kokani sutikesi ija ili kunsi kwa bedi, muitsegule. Pansi penipeni mupezapo bulauzi imene munagula chaka chatha, tsiku limene munapitira kumsika kukagula tomato ndi usipa basi. Inakukomerani m'maso, wogulitsa anati yatsala yokhayo, inu n'kutapa pa ndalama ya ndiwo. Mpaka lero simunaivalepo chifukwa siketi yoyenderana nayo palibe. Pambali pake pali nsapato zothina zimene munkati zidzatamuka, ndi chitenje cha pachinkhoswe chimene chinaona dzuwa tsiku limodzi. Komabe Lamulungu m'mawa, belu loyamba litalira kale, mawu amakhala omwe aja: “Ndilibe chovala ine.”

Kabuku kano talembera mabanja amene ndalama zawo n'zowerengeka koma amafuna kuoneka bwino popita kuntchito, kumsika, kutchalitchi, kumzikiti kapena kusikelo. Kukhumba chovala chokongola si tchimo. Munthu akatchena amayenda mwina, ndipo pamsonkhano amaimirira n'kulankhula mosadzikayikira. Chimene chimapweteka mabanja ndi kugula kwa ichi chakoma ichi chakoma, kuja kunagwetsa pusi chagada. Mankhwala ake ndi kope limodzi la ana asukulu, pensulo, ndi kudziwa ntchito ya tinthu ting'onoting'ono monga duku, lamba, ndolo ndi polishi.

KHUTHULANI KAYE ZONSE

Musanalembe kalikonse, yalani mphasa tsiku lowala bwino, mukhuthulirepo zovala zanu zonse, ndi zimene zili pachingwe kuseri kwa chitseko zomwe. Muziunjike patatu. Mulu woyamba ndi wa zimene mumavala sabata ndi sabata. Wachiwiri ndi wa zovala zabwinobwino zimene zangogona chifukwa cha kanthu kochepa: zipi inafa, batani linathothoka, m'khwapa munang'ambika, m'chiuno munakula. Wachitatu ndi wa zimene mtima wanu ukudziwa kuti simudzazivalanso.

Mulu wachitatuwo usabwerere m'sutikesi. Zimene zikadali bwino patsani abale, zakutha zikhale zigamba ndi zopukutira. Mulu wachiwiri upite kwa atelala sabata yomweyo, chifukwa kuika zipi ina pa siketi kumadya ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi kugula siketi yatsopano.

Kenaka khalani pansi muuyang'anitsitse mulu woyamba uja. Mitundu yake ndi yotani? Masiketi ake ndi otaya kapena ogwira thupi? Nsalu yake ndi yopepuka kapena yolemera? Zimene mumathamangira m'mawa uliwonse osaganiza kawiri n'zimene thupi lanu ndi ntchito yanu zinavomera kale. Chovala chatsopano chikakhala pachibale ndi zimenezi chidzavalidwa, koma chikakhala mlendo pakati pawo chidzatsikira pansi pa sutikesi.

KALEMBEDWE KA KOPE

Aliyense m'banjamo akhale ndi tsamba lake: mayi, bambo, ndi mwana aliyense. Tsambalo mulidule mizere yotsika kuti pakhale zigawo zinayi. Choyamba n'cha chinthu chimene mukufuna, chachiwiri n'cha zimene mudzavalire nacho, chachitatu n'cha mtengo ndi kumene mwachiona, chomaliza n'cha tsiku limene mwalemba.

M'chigawo choyamba musalembe kuti “nsapato” basi. Lembani kuti “nsapato zakuda zafulati, zotseka kutsogolo, saizi 6, zoyendera kuntchito”. Wopita kumsika atangoti akufuna nsapato amabwerako ndi gogoda wofiira chifukwa ndi amene anawala kwambiri pamulu. Wodziwa mtundu, saizi ndi ntchito yake amadutsa milu isanu osapindika msana.

Chigawo chachiwiri ndicho mtima wa kope lonseli, ndipo ndikupemphani kuti musachidumphe. Pa chinthu chilichonse, tchulani zovala zitatu zimene muli nazo kale zoti chidzayenderana nazo. Ngati mwalemba juzi yotuwa, onani: ikhala pa siketi yakuda ija, pa jinzi, ndi pa diresi la maluwa. Zakwana zitatu, juziyo ndi yanu. Koma ngati bulauzi yachikasu imene munasirira kwa mnzanu ikufuna siketi yake, nsapato zake ndi chikwama chake, ndiye kuti mtengo wake weniweni ndi wa zinthu zinayi. Lembani zinayi zonsezo ndi mitengo yake, muone ngati mtima ukadali pomwepo.

Tsiku lolembera lili ndi ntchito yake. Chinthu chilichonse chigone m'kopemo mwezi wathunthu musanachigule, kupatula zadzidzidzi monga nsapato ya mwana wasukulu ikadukiratu. Mwezi ukatha mudzapeza kuti zina mwaziiwala, zina sitayilo yake yayamba kale kukutopetsani poiona pa aliyense. Zimenezo khwatchani. Zimene zikukusowetsanibe mtendere pakatha masabata anayi ndizo zofunika kuzisungira ndalama.

Patsogolo pa zinthu zimene banja silingachite popanda izo, monga yunifolomu, juzi ya mwana, kapena nsapato za kuntchito, ikani kanyenyezi. Izi ndizo zoyamba. Komatu sindigwirizana ndi aja amati zokhumba zonse zichoke, patsale zofunika zokha. Mayi amene chaka chonse wagulira ana ndi bambo, iye osalawako ngakhale kampango, tsiku lina adzatopa n'kugula mopsa mtima chinthu chodula chimene sanachiganizire. Patsamba la munthu aliyense pakhale chinthu chimodzi chongosangalatsa mtima, ndipo nthawi yake ikakwana chigulidwe mopanda manyazi.

Mtengo lembani ndi pensulo. Zovala zambiri za m'misika yathu zimachokera kunja, kaunjika ndi zitenje zomwe, choncho mtengo wake umatsatira mphamvu ya kwacha. Ndalama yathu inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo aliyense anaona mmene mitengo ya pamsika inasinthira m'masabata ochepa. Mukadutsa kumsika, funsaninso mtengo, mufufute wakale.

Achinyamata ambiri zokhumba zawo amasunga m'foni: zithunzi za pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok. Palibe cholakwa, ndipo chithunzi chimathandiza pofotokozera atelala. Koma chithunzi chilichonse chimene mwachikondadi chitsikirenso m'kope, chiyankhe funso la zovala zitatu lija. Ndipo musatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu amene simukumudziwa, katundu musanamugwire ndi manja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

NDALAMA NDI NYENGO ZAKE

Chaka cha banja chili ndi miyezi yothina. Sukulu zikamatsegulira mu September pamafunika fizi, yunifolomu ndi makope. October ndi November ndi wa mbewu ndi feteleza. January ndi February nkhokwe imakhala itapepuka. Miyezi imeneyi kope lipume. Nthawi yabwino yolitsegula ndi pamene mwagulitsa zokolola, kapena pamene gulu lanu la banki mkhonde lagawana masheya, kapena ikafika nthawi yanu yolandira chipereganyo.

Gulani motsutsana ndi nyengo. Juzi ndi jekete zimakwera mtengo mu June ndi July pamene chisanu chaluma ndipo aliyense akuzifuna. Kukatentha mu October, ogulitsa amafuna zingochoka. Ambulera ndi jombo musadikire mvula yoyamba.

Ngongole ya banki mkhonde ndi yoyenera geni imene ibweze ndalamayo ndi chiwongoladzanja chake. Diresi silibala ndalama. Katapila ndiye musamuyandikire n'komwe chifukwa cha chovala. Ovuta kuwakana ndi aja amabweretsa katundu pakhomo kapena ku ofesi n'kunena kuti, “Tengani asisi, mudzapereka pakutha pa mwezi.” Mawu ake ndi okoma, munthuyo mwina ndi mnzanu wa kukwaya, koma mwezi ukatha angongole otere amakhala atatu. Yankho laulemu lilipo: “Zikomo, n'chokongola ndithu. Ndichilemba kaye, ndikakonzeka ndikuuzani.”

Kopeli likhale loonekera kwa onse awiri, bambo ndi mayi. Mikangano yambiri ya zovala imayamba chifukwa chinthu changotulukira m'nyumba, mnzako osadziwa kumene ndalama yachokera. Mukakhala pansi madzulo n'kunena kuti, “Abambo, mwezi uno tithane ndi nsapato za mwanayu, mwezi wamawa lamba wanu, chitenje changa chidikire tikagulitsa soya,” nkhani imatha isanayambe. Ana akuluakulu nawonso amapeza pothawira. Pa 15 October, tsiku la anakubala, m'malo mogula chitenje chachisanu ndi chimodzi chofanana ndi zinzake, atsegule tsamba la amayi awo aone chimene akhala akuchilakalaka.

TINTHU TIMENE TIMASINTHA CHOVALA

Diresi limodzi lakuda kapena labuluu, losapanga maluwa, likhoza kupita kumsika Lachiwiri, kumsonkhano wa makolo Lachinayi, ndi kutchalitchi Lamulungu, anthu osazindikira kuti ndi lomwe lija. Chimasintha ndi cha kumutu, cha m'khosi, cha m'chiuno ndi cha kuphazi. Lamulo lake ndi lija la pachimtali: woyambitsa nyimbo amakhala mmodzi, ena onse amavomera. Ngati duku ndi lalikulu, la mitundu yowala, mkanda ukhale chete kapena usakhalepo. Ngati mkanda ndi umene ukuyambitsa, bulauzi ikhale ya mtundu umodzi. Zonse zikamafuula nthawi imodzi, maso a woona amasowa pogwira.

Duku ndilo loyamba, chifukwa palibe china chotsika mtengo chimene chimasintha nkhope ya munthu ngati ilo. La pantchito aliyense amalidziwa: kupinda nsalu ya ngodya zinayi kuti itsale ndi zitatu, mbali yaitali pachipumi, nsonga ziwiri n'kumanga kunkhongo. La pamwambo limafuna nsalu yotalikirapo, monga theka la chitenje lodulidwa m'litali. Ikani pakati pa nsaluyo kunkhongo, mubweretse nsonga zonse ziwiri kutsogolo, muzipingase pamwamba pa chipumi, muzipotokole kamodzi kapena kawiri. Mukatero mukhoza kuzibweza kumbuyo n'kuzitsindira m'mbali, kapena kumanga mfundo pambali pang'ono n'kutambasula nsongazo kuti ziime ngati duwa. Mfundo ikakhala pakati penipeni nkhope imaoneka yaitali, ikapendekera kumbali imafewetsa nkhope. Yesani pagalasi tsiku lopanda ulendo, osati galimoto ya ukwati ikuimba hutala panja.

Nsalu yofewa siima. Ngati mukufuna duku loimirira, phikani kaphala kamadzimadzi ka ufa wosalala wa chinangwa, mukasefe, muviikemo nsaluyo, muyanike, ndipo muisite isanaumitsitse. Koma musamange mothinitsa. Duku lothina tsiku ndi tsiku, monganso maluko okoka kwambiri, limapweteketsa mutu ndipo limadya tsitsi la m'mphepete mwa chipumi. Nsalu ya thonje imamwanso mafuta a m'tsitsi, choncho ndi bwino kuyamba mwavala kampango koterera m'kati.

Posankha mtundu wa duku, ndolo kapena nsapato zoyendera ndi chitenje cha mitundu yambiri, musatenge mtundu umene wadzaza chitenjecho. Fufuzani umene ukuoneka pang'ono, mwina kachikasu ka pakati pa duwa kapena kamzere kobiriwira ka m'mphepete. Mukaubwereza mtundu umenewo kumutu kapena kukhutu, chitenje chonse chimadzuka.

Mkanda umatsatira khosi la chovala. Khosi lozungulira lokwera limafuna mkanda wautali wogwera pachifuwa. Khosi lotsika mosongoka limafuna waufupi wokhala m'kati mwa mpatawo. Malaya a kolala nthawi zambiri amakwanira ndi ndolo zokha. Mukamanga duku makutu amakhala poyera, ndiye ndolo ngakhale zazing'ono zimaoneka bwino lomwe. Mayi woyamwitsa asiye kaye ndolo zolendewera, chifukwa kadzanja ka khanda kamagwira chilichonse chonyezimira ndipo khutu likhoza kung'ambika. Za mikanda ya m'chiuno eni ake ndi anamkungwi, kabuku kano sikalowako.

Ngati ndolo, tcheni kapena chitsulo cha wotchi chikukuyabwitsani, khungu n'kufiira kapena kutuluka tizilonda, kawirikawiri chimakhala chitsulo chotchedwa nickel chimene chimapezeka m'zodzikongoletsera zambiri zotchipa. Thupi likayamba kudana nacho silisintha. Vulani, musakakamire. Mikanda ya galasi, ya mtengo, ya njere kapena yokutidwa ndi nsalu ilibe vuto limeneli, bola kachitsulo kokolowekera kasakhudze khungu. Chilonda chikayamba mafinya pitani kuchipatala.

Lamba amapatsa chiuno diresi lotaya la pakaunjika limene likanaoneka ngati thumba. Mmodzi wakuda wopyapyala ndi wokwanira kuyamba naye. Chikwama chikhale chimodzi cholimba, cha zipi, cha chingwe chachitali choti n'kupachika mopingasa pachifuwa. M'minibasi ndi m'chipiringu cha mumsika chikwama chotere chimakhala kutsogolo, pamaso panu. Pokwera kabaza, wa njinga yakapalasa kapena yamoto, pindirani m'kati nsonga za chitenje ndi za mpango wa m'khosi. Nsalu yolendewera ikakodwa m'sipoko kapena m'tcheni imagwetsa munthu.

M'chikwamamo musamasowe chitenje chopinda. Kuyambira 1973 mpaka 1993 dziko lino linali ndi lamulo la kavalidwe limene linkaletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi pagulu. Lamulolo linathetsedwa, ndipo lero mayi ali ndi ufulu wovala chimene wasankha popanda wina womugwira kapena kumukuwiza. Komabe azigogo ndi makolo athu ambiri anakulira m'nthawi imeneyo, ndipo pali malo amene mwambo wathu umafuna chitenje: pamaliro, kwa apongozi, pabwalo la amfumu. Uthenga wa zovuta suyang'ana kuti mwavala chiyani. Wokhala ndi chitenje m'chikwama amangokulunga pamwamba pa jinzi n'kulowa m'siwa mwaulemu.

Nsapato ndi zimene anthu amayamba kuona, ngakhale sanena. Peyala imodzi yopukutidwa imaposa zitatu zafumbi. Yesani nsapato masana kapena madzulo, chifukwa phazi limatupako tsiku likamapita, ndipo muyese mapazi onse awiri mutaimirira. Kutsogolo kwa chala chachitali kutsale mpata wokwana chala chachikulu cha kudzanja. Chidendene chikayamba kudyeka mbali imodzi, pitani nazo kwa osoka nsapato msanga, chisanafike pachikopa. Za chikopa zikanyowa ndi mvula musaziumike pamoto, zimauma gwa n'kusweka. Tsindiranimo mapepala a nyuzi, muziike pamthunzi podutsa mphepo, zikauma mupake polishi.

Abambo, tsamba lanu lisakhale lopanda kanthu. Zanu n'zochepa koma zimaonekera patali: lamba wogwirizana mtundu ndi nsapato, sokosi zosabooka zofika pamwamba kuti mwendo usaoneke mukakhala pansi, tayi yofika pachitsulo cha lamba, malaya ositidwa. Kolala ikaperepeseka pakhosi, atelala amatha kuisomola n'kuitembenuza, malaya aja n'kuyambiranso moyo. Chikhazikitsireni boma ndondomeko ya Buy Malawi mu 2016, ambiri ogwira ntchito m'maofesi amavala malaya a chitenje Lachisanu. Amodzi osokedwa bwino, ovalira buluku la mtundu umodzi, amakwanira ku ofesi, kuchinkhoswe ndi kutchalitchi. Chipewa cha mlomo waukulu n'chokongola komanso chimateteza kudzuwa. M'banja mukakhala munthu wachialubino, chipewa chotere, malaya aatali manja ndi magalasi a dzuwa zilandire kanyenyezi patsogolo pa china chilichonse, chifukwa dzuwa limayambitsa khansa ya pakhungu.

PA MULU WA KAUNJIKA

Amene anafikapo pamsika wa Tsoka ku Lilongwe kapena mumsika wa Limbe belo likutsegulidwa amadziwa mmene zimakhalira. Mnyamata adula zingwe, belo lifutukuka, fungo lija la kaunjika libuka, ndipo manja khumi alowa nthawi imodzi. “Sankhani amayi, nambala wani uyu!” Wina wakolekera malaya atatu paphewa, wina akukokerana jekete ndi mnzake. M'phokoso lotere mutu sugwira, ndiye chifukwa chake mufike mutawerenga kale tsamba lanu, ndalama ya chinthu chimene mwadzera ili payokha.

Belo likangotsegulidwa mumapeza zabwino koma mtengo uli pamwamba. Mulu ukatsala pang'ono, makamaka chakumadzulo, mtengo umagwa koma zosankha zimachepa. Chovala cha ntchito chimene mudzavale zaka chigulidwe potsegula belo. Zosewerera ana zikhoza kudikira madzulo. Kaya ndi pamsika kaya m'sitolo za DAPP, kayang'anidwe n'kamodzi: tambasulani chovala moyang'anitsa kudzuwa kuti mabowo aoneke, onani m'khwapa, pakolala ndi pakati pa miyendo ya buluku, kokani zipi kukwera ndi kutsika, tamulani lasitiki muone ngati akubwerera. Banga la m'khwapa lachikasu limavuta kuchoka.

Manambala a saizi musawakhulupirire kwambiri, popeza maiko amawerenga mosiyana. Nsapato imene ku Britain amati 6, maiko ena a ku Ulaya amati 39. Pogulira ana kapena bambo amene atsala kunyumba, tengani chingwe, muyeze m'chiuno mumange mfundo, muyeze kutalika kwa mwendo mumangenso ina. Pa nsapato, mwanayo aponde papepala, mujambule phazi lake, mudule, pepalalo mukalilowetse m'nsapato kumsikako.

Mukafika kunyumba chapani ndi sopo musanavale, muyanike pachingwe, musite. Zovala zonyowa musayanike pansi kapena pa udzu. Pali ntchentche imene imaikira mazira pamenepo, ndipo mphutsi zake zimalowa pakhungu n'kutupitsa ngati chithupsa, makamaka kwa ana. Simbi yotentha imapha mazirawo, choncho sitani ndi m'misoko momwe. Zovala zam'kati ndi bwino kugula zatsopano.

CHITENJE NDI ATELALA

Zitenje za pamsika n'zamitundumitundu. Zina zimasindikizidwa konkuno ku Blantyre pafakitale ya Mapeto David Whitehead, zina zimachokera ku Tanzania, monga zambiri za pamsika wa Taifa ku Mzuzu, zina ku Zambia ndi kutali. Dzina limene wogulitsa watchula lisakukwanireni, nsaluyo muiyese nokha. Itembenuzeni: chitenje cha wakisi weniweni chimawala pafupifupi mofanana mbali zonse ziwiri, pamene chongosindikiza pamwamba chimakhala chotuwa kuseri. Fikisani kangodya pakati pa zala. Ngati kulimba kuja kwatha pomwepo, nsalu n'kutsala yopyapyala, ndiye kuti chinali sitachi chabe. Kunyumba mukhoza kusolola kaulusi kamodzi n'kukayatsa ndi machesi. Thonje limapsa ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa, pamene nsalu ya pulasitiki imasungunuka n'kusiya kambulu kolimba. Ya pulasitikiyo siichedwa kuuma ndipo siikwinyika, koma m'chilimwe imawotcha thupi.

Za kuchucha utoto ndinaziphunzira ndi misozi. Tsiku lina ndinanyika chitenje chatsopano chofiira m'beseni limodzi ndi bulauzi yoyera ya Mvano ya amayi anga, Loweruka madzulo, mawa lake kuli mgonero. Pobwera kudzachapa madzi anali ngati a chidede, ndipo bulauzi ija inali itasanduka yofiirira mpaka kukolala. Amayi sanakalipe. Anaitenga, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kupita kukabwereka kwa anzawo usiku womwewo. Kuyambira pamenepo chitenje chatsopano ndimachichapa pachokha, m'madzi ozizira, ndipo ndimayamba ndapaka kansalu koyera konyowa pangodya kuti ndione ngati katenge mtundu. Poyanika, chitembenuzeni ndipo chikhale pamthunzi, popeza dzuwa ndi limene limasulutsa.

Kuchapa koyambaku kuchitike nsalu isanapite kwa atelala, chifukwa thonje limafupika likalowa m'madzi koyamba. Chitenje chimodzi cha mamita awiri chimakwana bulauzi, siketi yowongoka kapena malaya aafupi manja a bambo. Diresi lotaya limafuna ziwiri, ndipo chilundu chonse ndi duku lake chimafuna zitatu. Ngati maluwa ake ndi akuluakulu onjezerani, kuti atelala athe kuwalumikiza bwino pamsoko.

Posankha telala, onani zimene wasokera ena, muzitembenuze muone m'kati. Mupite ndi chithunzi, komanso chovala chanu chimene chimakukhalani bwino kuti ayezerepo. Gwirizanani mtengo wonse, wa zipi, ulusi ndi nsalu ya m'kati womwe, ndipo tsiku lotenga mulilembe m'kope iwo akuona. Perekani theka, lotsalalo potenga. Mu December ndi m'miyezi ya maukwati atelala amadzaziridwa, choncho tsiku limene muwauze likhale sabata yathunthu mwambo usanafike, kuti papezeke nthawi yoyesa ndi kukonza. Apempheni asiye nsalu yokwanira m'misoko ya m'mbali. Thupi limasintha, ndipo chovala chokhala ndi potambasulira chimakhala nanu zaka zambiri.

Yunifolomu ya chinkhoswe kapena ya ukwati ndi imene imadya ndalama za amayi ambiri mosalembedwa. Kukana n'kovuta pakakhala pachibale, ndipo sitikunena kuti muzikana. Mukangomva za mwambo, lembani chitenjecho m'kope ndi mtengo wosokera. Ndipo m'malo mwa diresi limodzi la sitayilo yoti simungapite nayo kwina, soketsani bulauzi payokha ndi siketi payokha. Mwambo ukatha, bulauziyo idzayenda ndi siketi yakuda, siketiyo idzayenda ndi bulauzi yoyera, ndipo funso la zovala zitatu lija layankhidwa.

Potenga chovala, musachoke osafunsa kuti, “Atelala, zidutswa zija zili kuti?” N'zanu, munazilipira. Chachikulu chikhale duku kapena kachikwama ka foni. Chachitali chipindidwe n'kusokedwa kukhala lamba wa diresi lakuda lija. Tating'ono tikute mabatani, kapena tikulungidwe pa zibangili zakale zimene zinasuluka, kapena tisokedwe pathumba ndi pakolala ya malaya oyera a bambo. Kotsala kwenikweni, kosakwana ndi kanthu komwe, kamateni ndi ulusi patsamba lanu la m'kope. Tsiku limene mudzapite kukafuna ndolo kapena nsapato zoyendera ndi chovalacho, mudzangotsegula tsambalo pamsika n'kuyerekeza mtundu pomwepo.